Zija Ndi za Alendo

Chaka chimene anandisankha kukhala wapampando wa komiti yolimbana ndi miyambo yozunza amayi m'mudzi mwathu, kuno kwa Mbenje, ndinkadziona ngati munthu. Wachiwiri wanga anali bambo wina wa pakamwa potsekemera. Alendo akabwera ndi galimoto kuchokera ku boma, ine ndinkangotsegula ndi pemphero, kulankhula n'kumusiyira iye. Amati akayamba kudzudzula kulowa kufa, mwambo uja wokakamiza mayi woferedwa kugona ndi mwamuna wina kuti ati achotse imfa pakhomo, mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Alendo ankalemba, ife tikuwomba m'manja.

Ndiye mng'ono wake wa bambo ameneyu anamwalira, kusiya mkazi ndi ana awiri.

Maliro tinaika bwinobwino. Patapita masiku ndinakumana ndi namfedwayo pa mjigo, ataima patali ndi ndowa yake, dzuwa la kuno likumuwotcha pamutu. Amayi anzake anali atamukaniza kugwira chopopera. Akuti imfa ikadali m'thupi mwake. Kunyumba kwake samaloledwa kuthira mchere m'ndiwo, ana ake ankadyera kwa apongozi. Nditamufunsa kuti zitha liti, anayang'ana pansi.

"Alamu akuti apeza kale munthu wa ku Bangula woti adzalowe kufa. Akuti ndikakana, ndichoke pamalo pawo."

Alamu akewo ndi wachiwiri wanga uja.

Ndinamupeza pakhonde akusoka ukonde, atavala sikipa yathu ya komiti yomwe, mawu odzudzula nkhanza ali pachifuwa. Sanachite ngakhale manyazi. Anandipatsa mpando, n'kundifunsa za kunyumba, kenaka n'kuseka.

"Amayi, inunso musakhale ngati mwana. Zija ndi za alendo. Pano ndi pamudzi. Mwana wina akayamba kutsokomola, mudzayankha ndinu?"

Ndinazungulira mamembala enawo mmodzimmodzi. Mlembi anati nkhani ya pabanja si ya komiti. Mayi wina, amene ankalira misozi yeniyeni tikamachita sewero la namfedwa pamaso pa alendo, anandinong'oneza kuti tingokhala chete, zikamveka ku boma atisiya kutiitana ku misonkhano. Fanta ndi masikono, anthuni. Ndi zimene munthu wamkulu, wa zidzukulu, ankaopa kutaya.

Ine sindine wolimba mtima. Ndinakulira momwemo, ndipo mantha a imfa ya pakhomo ndinayamwa ndi bere. Koma pobwerera, ndikuyenda m'mphepete mwa minda ya mapira, ndinadzifunsa kuti kodi upampando wanga ndi wa chiyani. Ndinadziikira malamulo anga, osauza munthu. Chimene ndanena pamaso pa alendo ndichinenanso pakhomo pa maliro. Sindidzatuma wina kuchita chimene manja anga akuopa. Ndipo ngati mpando ukufuna kuti ndizinama kuti ndiukhalebe, autenge, kwathu mphasa ilipo.

M'mawa mwake ndinapita kwa namfedwayo ndi mlamba wouma ndi tomato. Ndinamuuza aphike panja, poonekera, athire mchere ndi dzanja lake. Anaphika, n'kuthira mcherewo. Tinadyera mbale imodzi anthu akudutsa pamsewu, ena kuima dala ngati akukonza tcheni cha njinga. Madzulo ndinamutenga ndi ana ake kupita nawo kwathu.

Amuna anga anangonyamula mphasa kukagona kwa achimwene awo, akuti kwathu kukutentha. Ku tchalitchi benchi yanga inakhala ndi malo ambiri. Kamwana kakang'ono ka namfedwayo katatentha thupi, mudzi wonse unapuma ngati walandira mvula, aliyense akuti tinanena ife. Ndinakabereka kupita nako kuchipatala, anapeza malungo, kanachira. Amene ankati tinanena ife aja palibe anabwera kudzaona.

Komiti inakumana ine osandiuza. Anandichotsa chifukwa chodanitsa anthu, n'kuika wachiwiri wanga uja. Mpando sunandiwawe. Chinandinyansa n'chakuti alendo atabweranso, iye anaimirira n'kunena kuti m'mudzi muno tapulumutsa mayi woferedwa, ndipo anamujambula akumwetulira.

Namfedwayo palibe mwamuna anamugwira. Chimenecho ndimachinena mosaopa. Koma pakhomo pake sanabwererenso. Achibale a malemu anatseka nyumba, n'kulanda dimba la kumtsinje limene iye anabzala yekha madzi atangophwa, mwana ali kumsana. Ndinathamanga nayo nkhaniyo uku ndi uku, kulikonse akuti bwerani mawa. Iye anatopa ine ndisanatope. Tsiku lina anamanga katundu m'chitenje nati akupita kwa amayi ake kutsidya, ku Mozambiki. Ndinamuperekeza mpaka padooko. Asanakwere bwato anandigwira dzanja nandithokoza m'Chisena chake, "Takhuta, mama." Chonsecho munthu ndinamusiya wopanda munda.

Nthawi yokumba mbatata itafika, wapampando watsopanoyo anabwera kwathu ndi dengu pa keriyala ya njinga. Mbatata zikuluzikulu, zofiira, dothi la kumtsinje likadali lonyowa. Ndinazidziwa. Mbewu yake ndinamupatsa namfedwa uja ndi ine.

"Tisasungirane, amayi," anatero. "Zapita zija. Ana alaweko."

Ndinalandira dengulo ndi manja awiri, monga mwa ulemu wa kwathu. Ndinayenda nalo iye akuona mpaka pa khola la nkhumba la oyandikana nafe, n'kukhuthulira momwemo. Kenaka ndinamubwezera dengu lake, n'kupita kukasamba m'manja.