Khadi Limene Ndinkasungira NyaMhone

Chizindikiro choyamba chinali kachilaso pansi pa nthiti za kumanja. Unali mwezi wa Juni, m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene chifunga cha ku Mzuzu chimafika mpaka pakhomo. Ndikapuma mozama kankandibaya. Ndinati ndi mphepo chabe, ndipo ndinagula asipirini pagolosale ku Zolozolo n'kupita kuntchito.

Ndinali kalaliki pakampani ina yocheka matabwa. Chaka chimenecho abwana anatilowetsa m'bungwe la thandizo la zachipatala. Mwezi ndi mwezi ankadula kangachepe pamalipiro, ndipo aliyense analandira khadi lokaonetsa ku chipatala cha mishoni, kumene odwala ankalipira. Amene anabwera kudzatifotokozera anayankhula Chingerezi chothamanga, n'kunena kuti bungwelo silipanga phindu. Atafunsa ngati pali funso, tonse tinangoti zii. Tinali titazolowera khadi la chipani: umagula, n'kuika m'thumba, osafunsa kumene ndalama zikupita.

Mafunso tinkafunsana tokhatokha pa tiyi, motsitsa mawu. A Nyirenda, dalaivala wa lole, munthu amene sindinamuonepo akuyetsemula, ankati, "Ngati sapanga phindu, za ife osadwala zikugona kuti? Alipo akunenepa nazo, mwe!" Ena ankatsutsa kuti bungwelo ligwa posachedwa chifukwa odwala achuluka. Ine ndinamva mwangamwanga. Ndinkaliona ngati chiperegani chimene tinkachita pantchito: nonse mumasonkha, koma ukalandira umadikira mpaka anzako onse alandire. Tsono mkazi wanga NyaMhone anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo kusikelo anali atamuuza kuti mwanayo sanagone bwino, mwina padzafunika opaleshoni. Ndiye mwayi wanga wolandira ndiuwononge pa chifuwa? Ndinalumbira chamumtima kuti khadilo ndisungira iyeyo.

Kenako kunabwera kutentha thupi ndi kunjenjemera. Makhololo anasanduka a mtundu wa dzimbiri. Ndinapita ku kachipatala kaulere, ndinakhala pamzere mpaka masana, ndipo anandipatsa mapiritsi n'kundiuza kuti ndikajambulitse chifuwa ku mishoni. Sindinapite. NyaMhone ankandichonderera, ine n'kumangoti ndikupezako bwino. Chifukwa chenicheni sindinamuuze, poopa kuti angade nkhawa. Lamulungu lina m'mawa, ndikumanga nsapato kuti tizipita kutchalitchi, mpweya unandithera, ndinagwa chafufumimba. NyaMhone anatulutsa khadi lija m'thumba la jekete, anaitanitsa a Nyirenda, ndipo ndinafika kuchipatala pa lole ya matabwa.

Chithunzi chinaonetsa chibayo, komanso madzi atadzaza mbali imodzi ya chifuwa. Analowetsa kapaipi pakati pa nthiti kuti madziwo atuluke, ndi diripi padzanja. Moyo wa mu wodi unali ndi dongosolo lake. Kusanache ankatiyeza kutentha thupi, kenako jakisoni, kenako kukolopa, ndiye kudikira adokotala. Kudikirako ndi kumene kunkatalika. Ndinkayang'ana botolo limene linali pansi pa bedi, n'kumadabwa kuti madzi onsewo ankakhala pati m'thupi loonda ngati langa.

Chimene chinandipweteka kuposa kapaipi chinali kuona NyaMhone. Munthu wotopa kale, miyendo itatupa, ankagona pasimenti kumalo a odikirira odwala, n'kumandibweretsera phala m'mawa uliwonse. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha kuti khadi lija ndalimaliza ndine.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa namwino wamkulu, mayi wa ku Nkhata Bay. Ndinamufotokozera za chiperegani changa chija. Sanaseke. Anati, "Adada, ichi si chiperegani yayi. Chili ngati chosonkha cha pamaliro. Onse amaponya, koma chimapita kumene kwagwa zovuta, ngakhale nyumba imodzi kawiri. Amama akunyumba kwanu adzachilira pa khadi lomweli." Adokotala nawo atamva chimene chinandichedwetsa anangopukusa mutu, n'kunena kuti ndikanabwera sabata yoyamba, jakisoni yekha akanakwana. Ndinagona chagada n'kumalingalira. Ndiye kuti kuumira kwanga kuja kunadyera anzanga zambiri kuposa chifuwa chimene ndinkakana kuchiza!

A Nyirenda atabwera kudzandizonda, ndinawafotokozera. Anayang'ana diripi ija n'kuti, "Ndiye zanga zija ndi izi zikudonthazi? Yewo chomene, ndaziona lero." Komabe sanagonje. Anati zotsala bungwe lizitiuza poyera kuti zilipo zingati ndipo akuzisungira chiyani. Pamenepo ndinagwirizana nawo, ndipo mpaka lero ndikamva anthu akukangana pawailesi za mabungwe amenewa, ndimatchera khutu. Kusungako pang'ono n'kwanzeru, koma osonkha ayenera kudziwa, ndipo ayenera kuuzidwa m'chiyankhulo chimene amamva.

Ndinatuluka mwezi wa Julaye uli kumapeto, ndikuyenda ngati nkhalamba. Mu Ogasiti NyaMhone anachitidwadi opaleshoni m'chipatala chomwecho, pa khadi lomwelo, ndipo kunabadwa mwana wamkazi. Palibe anatifunsa kuti bwanji mwabweranso.

Lero ndili bwino. Chatsala ndi chipsera pansi pa nthiti, ndi kachilaso kamene kamandikumbutsa Juni akafika. Kwa inu amene mukutsokomola n'kumati ndi mphepo, pitani msanga. Ngati amakudulani zachipatala pamalipiro ndipo simukumvetsa mmene zimayendera, funsani mudakali ndi mpweya wofunsira. Ine ndinkaganiza kuti ndikumusungira NyaMhone khadi, osadziwa kuti ndinkamusungira umasiye.