Nilza ndi Phala la Alamu Ake

Mukafunsa za mayi Nilza ku Chonde, akuuzani kuti ndi aja anapha mwamuna ndi njala. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo limandipsetsa mtima.

Nilza anabwera kuno ali kamtsikana, kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Anakulira m'minda ya tiyi, dengu kumsana, pakamwa pali poyaka moti akapitawo ankamulambalala. Komweko anapezana ndi Elson, mlonda wofatsa ngati nkhosa, ndipo anamanga banja lomwe anthu ankalisirira, n'kubereka ana.

Kenako khansa inamugwira Elson pakhosi. Adokotala sanabise: chotupa chatseka njira ya chakudya, otsala ndi mankhwala ochepetsa ululu basi. Elson anadziyankhira yekha.

"Ndibwezereni kunyumba. Ndipo wina asadzandikakamize kudya, ndikumatsamwa. Muzingondinyowetsa milomo."

Nilza anavomera, ngakhale mtima unkamuwawa koopsa.

Loweruka lina kunatulukira Pilato, mkulu wake wa Elson, ndi mlongo wawo Eneles, kuchokera ku Milonde. Pilato ataona m'bale wake ali mafupa okhaokha, anadya moto.

"Alamu, mwamutopa eti? Mukumuumitsa ndi njala!"

"Akana okha, alamu. Afunseni, si awo ali apowo."

"Wodwala safunsidwa!"

Eneles anaphika phala msangamsanga. Pilato anakhalira wodwalayo pamiyendo n'kumutsina mphuno, Eneles akukanikiza supuni pakati pa mano. Elson anaphiriphitha, phala likutulukira m'mphuno, maso ali tong'o kuyang'ana mkazi wake.

Nilza anasolola chikuni pamoto n'kumuphwanya nacho Pilato pakhutu. Mkuluyo anatembenuka ndi chibakera, phaa pakamwa, mano a Nilza n'kugwera pamphasa. Eneles anamukoka tsitsi, iye n'kumuluma dzanja mpaka mnofu kung'ambika. Oleretsa pofika anapeza alamu aja ali panja, Nilza ataima pakhomo ndi chikwanje, magazi ali chuchuchu pabulauzi.

"Wofuna kumwetsa phala abwere! Abwere ndithu!"

Palibe amene anayerekeza.

Elson anakhalabe masiku angapo, mkazi wake akumunyowetsa milomo ndi kansalu. Anatsirizika mwakachetechete masana ena, mutu uli pamiyendo pa Nilza, monga momwe ankafunira.

Koma achibale anadikira maliro kuti abwezere. Anabwera ndi lole, ananyamula thupi kupita nalo kwawo, n'kusiya mawu oti Nilza akangoponda m'mudzimo akamuthyola miyendo. Ana anapita kukaika bambo awo, mayi n'kutsala pabwalo akulira okha.

Mpaka lero Nilza akuthyolabe tiyi, ndipo akapitawo akumulambalalabe. Mukamufunsa ngati amanong'oneza bondo, amakuyankhani mwaukali kuti ayi, chikuni chija akanachitolanso. Koma mvula ikayandikira, amasiye anzake akamanyamula makasu kukalambula pamanda a amuna awo, iye amatseka chitseko n'kukhala m'nyumba. Pamene Elson anagona sanapaonepo.