Dalaivala Yemwe Ndinamubisa M'kalata

Ndine kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kuno, ndipo bodza ndinanenapo. A manijala atafuna dalaivala wa thirakitala, ndinalemba kalata ya Chingerezi yomuchitira umboni mlongo wanga Esinati. Pa dzina ndinangoika chilembo choyamba, ndipo paliponse pofunika “she” ndinalemba “they”.

A manijala anandifunsa kuti, “Mnyamatayu ndi wamphamvu?”

“Kwambiri, bwana,” ndinatero osaphethira.

Lolemba Esinati anatulukira atamanga chitenje. A manijala atandiyang'ana, ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato, chikhalirecho ndavala jombo zopanda zingwe. Kuweramako ndiye kumandichititsa manyazi mpaka lero.

Koma za kalatayo sindipepesa ayi. Ndikanalemba “she”, akanamuyesa n'komwe? Lero masamba onse akumtunda amafika kufakitale ndi Esinati, ndipo thirakitalayo sinafunsepo kuti wakwera ndani.