Kumapazi kwa Mar Barhad

Shalmat ankaphika buledi wa balere m'mudzi wina wa m'mapiri kumtunda kwa mzinda wa Nisibisi, ndipo anali mayi wosasunga mawu m'kamwa. Ngakhale bishopu Mar Barhad, amene anthu onse ankamugwadira, iye ankamukalipira chifukwa chogawira opemphapempha buledi yense n'kugona ndi njala. Nkhalambayo inkangoseka, n'kumuyankha kuti buledi wakeyo ngwouma ngati njerwa, ndiye kugawako n'kupulumutsa mano.

Bishopu atamwalira anamuika m'tchalitchi, ndipo odwala anayamba kuchira pamanda pake. Pasanapite nthawi malungo anatenga Barnai, mwana mmodzi yekhayo wa Shalmat. Mayiyo anachonderera ansembe mpaka anamulola kuika mwanayo kumapazi kwa woyerayo. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti lipenga lomaliza likadzalira, woyera adzadzuka n'kugwira dzanja amene agona pafupi naye. Barnai anali kamwana kamantha, kosapita ngakhale kuchitsime popanda wokagwira dzanja. Chiyembekezo chimenechi ndicho chinamulimbitsa mtima Shalmat pa umasiye wake wonse.

Mutu wake utachita mbuu ndi imvi, kunabwera akuluakulu a mumzinda ndi ngolo ndi nyimbo, kudzatenga mafupa a bishopu kuti akawaike m'tchalitchi chachikulu. Mudzi wonse unasangalala, ati ndi ulemu. Anthu ndi otero, akangomva fungo la lubani nzeru zimawathawa. Shalmat anakankha khamulo n'kugwira mkanjo wa dikoni wotsogolera ulendowo.

"Bambo, mutengenso mwana wangayu. Ndi timafupa tochepa, tokwana m'dengu langa la buledi."

"Mayi, kumeneko si kumanda ayi. Mulungu sasochera, adzamupeza."

"Mulungu sasochera, ndikudziwa. Wosochera ndi mwanayo."

Ngolo inapita, dzenje n'kutsala pululu. Kuyambira pamenepo Shalmat sanakalipirenso munthu. Mtima unali utasweka, ndipo sanabise. Ankakhala pamphepete pa dzenjelo, kuuza mwana wake kuti asaope.

Atadwala matenda ake omaliza, anapempha kuti adzamuike m'dzenjemo. Ananena kuti akudziwa kuti iye si woyera, koma mwanayo akadzadzuka apeze dzanja loti agwire. Ansembe anagwetsa misozi, koma anakana, chifukwa dothi la m'dzenjemo linali litasanduka mankhwala a odwala ochokera kutali.

Anakamuika kumanda a anthu wamba, kutsidya kwa mtsinje.