Mwana wobwereka

Fungo la fodya wouma m'chigafa likandipeza, ndimakumbukira dzinja limene ndinakhala kwa mayi aang'ono, a Nabanda, pa esiteti ina kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Chinali chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mayi anga anangondiuza kuti ndizikathandiza kutunga madzi.

A Nabanda anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana. Mwezi uliwonse ankakwera minibasi kupita kuchipatala ku Lilongwe, n'kubwerako ndi timapiritsi toyera. Apongozi awo, amene ankakhala nyumba yoyandikana, sankawakhulupirira mapiritsiwo, ndiye ankabweretsa mizu ya kwa sing'anga. Mayi aang'ono ankamwa zonse, mapiritsi m'mawa, madzi owawa a mizu madzulo, atatsinzina, dzanja lina litagwira mzati wa khonde.

Mvula itakhazikika, ine ndinayamba kuyenda kutulo. Ndinkangodzuka mapazi ali matope okhaokha, pakhosi pakuwawa. Amati ndinkakhala tsonga pamphasa, maso ali tong'o, n'kumakuwa osazindikira munthu. Tsiku lina m'bandakucha anandipeza nditaima pakati pa mizere ya fodya, diresi litanyowa ndi mame.

Mayi aang'ono anayesa zonse. Ananditengera kwa akulu ampingo kuti andipempherere. Anafunsa adokotala awo, amene anati zidzatha ndikadzakula. Pomaliza anang'amba chitenje chakale, n'kumamanga mbali ina pamkono wanga, ina pa wawo, n'kumagona nane pamphasa. Amuna awo anatenga bulangeti n'kusamukira kuchigafa, ati akulondera fodya. Masana mayi aang'ono ankasoka fodya akusinza, manja ali bii ndi utomoni.

Tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, ndinamva apongozi aja akulankhula. "Mwana tinabwereka kuti aitane mnzake, koma uyu akuthamangitsa. Mubwezeni kwawo."

"Ndi mwana, amayi. Sadziwa chimene akuchita," anayankha motsitsa mayi aang'ono.

Kuyambira pamenepo ndinayesa kuleka kugona. Ndinkadzitsina ntchafu, ndinkaluma lilime, koma tulo tinkandigonjetsa, ndipo m'mawa nkhope yawo yotupa inkandiuza kuti zachitikanso. Fodya atapita ku okushoni, anandiperekeza kwathu. Panjira anandigulira nzimbe. Kwathu kuyenda kutulo kunatha kokha. Chaka chotsatira nawonso anabwerera kumudzi ndi sutikesi yawo, ukwati utatha. Sanaberekepo mpaka kale.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti khanda linali m'njira, ndipo linabwerera litamva kukuwa kwanga. Lero ndikudziwa kuti m'nyumba ija munalibe wolakwa, komanso munalibe amene akanatha kuchiza mnzake. Mayi aang'ono atakalamba, ndinawafunsa ngati sanandide nthawi ija. Anapitiriza kutongola chimanga chawo kanthawi, kenako anati, "Ndikudere chiyani? Moyo wanga wonse, ndi miyezi yokhayo imene mwana anandidzutsapo usiku."