Theka la Sekondi la Don Berto

Don Berto Quiñones wa ku Guayama sankakhulupirira munthu. Sipanala anayamba kuigwira ali ndi zaka khumi ndi zitatu m'garaja ya amalume ake, ndipo pofika poti imvi mbuu anali atatsimikiza kuti injini siinama, onama ndi eni ake. Mafuta akagula ankayamba wawanunkhiza. Ngakhale wansembe abwere nayo galimoto n'kunena kuti yangozima yokha, Don Berto ankamuyang'ana cham'mbali.

Mtima wake wonse unali pa kagalimoto kakale kofiira ka Toyota, kamene anaikamo injini yolusa. Lamlungu lililonse ankapita nako ku mpikisano wa pamsewu wowongoka, komwe magalimoto amathamanga awiriawiri, nkhani n'kutha m'masekondi khumi. Mkazi wake Nélida ankaotcha nyama ya pa timitengo pa tenti yake chakumpanda, ntchito ya zaka makumi awiri. Maso atayamba kuchita mdima, Don Berto anapereka chiwongolero kwa Osvaldo, mwamuna wa mwana wake Yadira. Anapereka monyinyirika.

"Mumve bwino, akamwini," ankatero. "Injini izikhala yofunda, mpweya uzikhala wozizira. Oyilo akazizira amalimba, galimoto imakoka mwendo. Mpweya ukatentha umapepuka, injini imapuma wefuwefu ngati ine pa chitunda."

N'chifukwa chake m'buti munali thanki ya madzi oziziritsa mpweya usanalowe mu injini. M'mawa Don Berto ankagula matumba asanu ndi atatu a ayezi, awiri pa ulendo uliwonse, ndipo wothira m'thankimo anali Osvaldo.

Ndiye kunabwera zodabwitsa. M'mawa kagalimoto kankamaliza masekondi khumi asanakwane. Masana, pa ulendo womaliza, kankachedwa ndi theka la sekondi. Dzuwa limadyapo zake, izo Don Berto ankazidziwa, koma osati theka lathunthu. Masabata atatu otsatizana anagonja kwa Cuco Santiago, ndipo Cuco ameneyu anaphunzira kalasi imodzi ndi Osvaldo. Don Berto anali atawaonapo awiriwa akuseka limodzi pa mpopi. Ankaseka chiyani?

Anaphwasula injini Lolemba, osapeza kanthu. Anasintha mapulagi, osasintha kanthu.

"Mkamwini wanuyu akubweza phazi dala," anauza Nélida pa chakudya.

"Idyani mpunga, Berto. Mwatsala pang'ono kukayikira ndi nyemba zomwe."

"Mukumuikira kumbuyo bwanji?"

Nélida anangonyamuka kukatenga mchere. Zimenezonso Don Berto anazisunga mumtima.

Lamlungu lachinayi kunatentha moti phula linkamata nsapato. Magalimoto atafola pa mzere wa ulendo womaliza, Don Berto anachita ngati akuona tayala la kumbuyo, n'kutsegula buti, n'kupisa dzanja m'thanki. Madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda. Ayezi ngakhale kachibenthu.

Anakwiya, koma pansi pa mkwiyowo anakondwa, poti kukayika kwake kunali kutapherezera. Anamenya denga la galimoto, Osvaldo ali pachiwongolero.

"Iwe! Cuco wakulonjeza chiyani?"

Osvaldoyo anali asanamutchulepo "iwe" chikwatirireni Yadira. Amakaniko a magalimoto ena anasiya zogwira n'kutchera khutu. Osvaldo anavula chisoti pang'onopang'ono, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Don Berto, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kwa yani? Ayezi wanga ali kuti? Ukundigulitsa masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndikukudyetsa patebulo panga!"

"Sindinagulitse munthu."

"Tsika. Bweretsa makiyi. Ndipo pakhomo panga usadzapondenso, Yadira akafuna azibwera yekha."

Wina anaimba mluzu. Osvaldo anatsika, anapereka makiyi, n'kunyamuka. Sanalowere kuchipata, analowera kumpanda. Don Berto anamutsatira chapatali, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akamupezerera akunong'onezana ndi anthu a Cuco.

Osvaldo anazungulira kuseri kwa tenti ya nyama. Pa mbaula panalibe munthu, nyama inkangopserera. Kuseriko Nélida anali atagona pa makatoni, milomo itayera. Yadira anali atagwada, akumugwirizira thumba la ayezi pakhosi. Thumba lina linali pachifuwa, litasungunuka theka.

"Aka n'kachinayi, ababa," anatero Yadira osadzutsa mutu. "Adokotala anawaletsa kuima pamakala dzuwa likakwera. Ndi mtima."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

Nélida anatsegula maso. "Ndinawalumbiritsa ndine. Mukanasiya mpikisano, kenako mukanakhala pakhonde kumandilondera ngati wakuba. Ndikanafa msanga."

Chimkuzamawu chinaitana Toyota yofiira kuti ifike pa mzere. Chinaitananso kachiwiri. Osvaldo anali atagwada kale, akutembenuza thumba kuti mbali yozizira ikhudze khosi la apongozi ake. Don Berto anaima ndi makiyi m'manja, manyazi atamugwira koyamba m'moyo wake wa ukulu. Anatambasula dzanja.

"Akamwini... mwina mukhoza kukathamangabe."

"Gwirani miyendo, Don Berto, ine ndigwira mapewa. Lero sakudzuka ngati masiku ena aja. Yadira, kayandikize galimoto yathu pachipata."

Anamunyamula kudutsa pakati pa anthu omwe aja anamva zonse. Miyendo ya Nélida inali yotupa, yolemera, ndipo Don Berto sanadziwe kuti inayamba liti kutupa. Kumsewu Cuco anathamanga yekha, anthu n'kuwomba m'manja mwaulesi.

Nélida anagona m'chipatala masiku asanu n'kutuluka. Osvaldo ankabwera tsiku ndi tsiku kudzamuona, ndipo Don Berto ankamupatsa moni ndi ulemu wonse, iye n'kuyankha ndi ulemu womwewo. Nélida atabwerera kunyumba, Loweruka Yadira anafika ndi mphika wa msuzi wa nkhuku. Don Berto anasuzumira kumsewu. Osvaldo anali m'galimoto kunja kwa geti, injini ikulira, akudikira mkazi wake.