Dzina lofiira pa ampu ya a Mukhuna

Alamu anga a Hudson Mukhuna sagula chinthu asanadziwe amene adzawagule. Wina akaona njinga pamsika amafunsa ngati ikuyenda bwino, koma iwo amayamba aganiza kaye ngati idzagulitsike pakatha zaka zisanu. Ndi ambulera yomwe amasankha yakuda, ati yamaluwamaluwa ogula ake ndi ochepa.

Ine ndine Rosie, mng'ono wa akazi awo a Lines. Ndimagulitsa nanazi ndi mapeyala pa Chitakale, ndiye zamalonda ndimazidziwako, koma za alamu angawa zinkanditopetsa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Alamu, nanga achemwali angawa munawayang'ananso ngati adzagulitsike?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Mlamu, ine ndine mkamwini. Munda ndi wa kwanu, malo ndi a kwanu. Changa ndi chimene ndingachikweze panjinga."

Ananena moseka, koma ine zinandikhudza. Munthu wakhala ndi achemwali anga zaka pafupifupi makumi atatu, palibe anamulozapo njira ya kwawo, koma mumtima mwake katundu anali womangamanga.

Ntchito ankagwira m'fakitale ya tiyi, pafupi ndi makina odula masamba. Phokoso la makinawo linawadya makutu pang'onopang'ono, moti lakumanzere linangotsala lokongoletsa mutu. Ukafuna kuwapempha ndalama unkayenera kudutsa kumanja, ndipo ndikuwakayikira kuti masiku ena ankasinthanitsa dala. Chimwemwe chawo chinali gitala ya besi. Ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi kuyambira ali mnyamata, pa ampu ya mpingo, chibokosi chokuzira mawu chimene chinkalira ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini.

Chaka cha 2013 tiyi anachita bwino, kampani inawagawirako kangachepe, ndipo alamu anati akufuna ampu yawoyawo. Achemwali analola. Tinapita ku Limbuli tsiku la msika, ine ndikukagula nyemba, iwo kwa bambo wina dzina lake Juma, amene ankagulitsa zoimbira zogwiritsidwapo kale ntchito, zina zolowera ku Milanje, zina zochokera ku Joni. Ndinkaganiza kuti tichedwa mphindi makumi awiri. Nyemba ndinakazigula msika ukutha.

Juma anayamba ndi ampu yonyezimira, ya timagetsi tobiriwira tothamangitsana pamwamba.

"Iyi ndiye yake, amigo. Yafika dzana. Atsikana a kwaya akangoiona azivina isanalire."

Alamu anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuibweza pansi. "Yapepuka. M'katimu mulibe kanthu. Ikafa imeneyi ndani angaikonze?"

Yachiwiri anaigwadira n'kuyamba kuinunkhiza kumbuyo. Ine manyazi anandigwira, ndinayang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa. Anati ikununkha waya wopsa, ndiponso munagonapo makoswe. Yachitatu sanainunkhize n'komwe, anangoyang'ana masikuluwu.

"Taona mlamu, mitu yake yadyekadyeka. Amisiri atatu kapena anayi alowamo kale umu. Chinthu chimene chatsegulidwa kambirimbiri, wogula wanzeru amachithawa."

Juma anayamba kupukuta thukuta. "Madala, mwabwera kudzagula kapena kudzafunsira mbeta?"

Pakona panali ina yakuda, yokutidwa ndi nsalu yokhuthala ngati kapeti, yopanda timagetsi, yonyansa ndithu. Juma ankaikapo kapu yake ya tiyi. Alamu anayesa kuinyamula, nkhope inasintha, ine ndinadziwa kuti tafika. Dzina la kampani yake linali lodziwika, loti zipangizo zake zimapezeka ku Limbe. Mabatani onse anali akeake. Anakankha sipika mofatsa ndi zala, sinakhulane pena paliponse. Kenako analumikiza gitala yawo, imene anabwera nayo itakulungidwa m'chitenje, n'kupempha madzi m'kapu. Anaika kapu ija pamwamba pa ampu, anakhudza nsambo yaikulu, n'kumayang'ana madziwo. Ankanjenjemera bwinobwino mozungulira, osadumphadumpha. Dzanja lina anali ataligwiritsa m'mbali mwa bokosi kuti amve ngati pali thabwa lophwasuka.

"Makutu anga ndi amenewa," anatero akundionetsa chikhatho.

Anakambirana mtengo mpaka Juma analumbira kuti ana ake agona ndi njala, koma potuluka anatiperekeza akuseka. M'minibasi alamu anailipirira mpando wakewake, ine n'kukhala mopanikizika ndi thumba la nyemba pamiyendo.

Apa ndiye panayambira mavuto a achemwali anga. Kunyumba ya kampani kuja ampu sinkakhala pansi, ati simenti ya Mulanje imatulutsa chinyezi. Anaikhomera kabenchi. Chiperoni chikagwa ankaifunditsa bulangete, ndipo kumbuyo kwake ankaikako kathumba ka makala koyamwa chinyontho. Lamulungu inkapita kutchalitchi panjinga itakhalira pilo wa achemwali, mwini wake akukankha wapansi. Anthu a kwaya anaipatsa dzina loti Mayi Aang'ono. Mwana wawo Sharon, yemwe ndi mmodzi yekhayo, anakula akudziwa kuti angathe kuswa mbale zonse m'nyumba n'kukhululukidwa, koma osatsamira pamenepo.

Chimene chinkandipsetsa mtima ine ndi batani la voliyumu. Linali ndi manambala mpaka teni, koma alamu sankapitirira pa fili. Oimba ng'oma ankadandaula kuti besi sikumveka. Abusa amene anawapemphapo kuti akwezeko pang'ono. Iwo ankangomwetulira.

"Sipika imakalamba ndi phokoso, abusa. Wodzagula adzafuna yamoyo."

Tangoganizani, munthu wosamva bwino kuimba chapansipansi! Ankangoyendera zala ndi kuyang'ana phazi la woimba ng'oma. Sankalakwitsa, izo ndivomereze, koma nyimbo yawo ankaidziwa pamtima basi.

Wodzagulayo analipo, dzina lake Chester wa pa Chonde, amene amabwereketsa zoimbira pamaukwati ndi pamisonkhano. Anaiona ampu ija kumsonkhano wa makwaya ndipo sanaiiwale. Chaka chilichonse ankafika kudzaizonda, alamu n'kumamuphunzitsa za masikuluwu ndi fungo la waya, kenako n'kumuuza kuti nthawi sinakwane.

Nthawi inakwana chaka chatha. Alamu anapuma ntchito, ndipo kampani inawapatsa miyezi itatu kuti atuluke m'nyumba. Kumudzi kwathu anali atamanga kale nyumba ya njerwa zootcha, koma ndalama zopumira ntchito zinathera pa zitseko, mawindo ndi ukwati wa Sharon umene unali pafupi. Malata anangokwanira chipinda chimodzi, mvula ili pakhomo. Alamu sanade nkhawa. Anati tsiku limene analikonzekera zaka khumi ndi chimodzi lafika: aimba paukwati wa mwana wawo Loweruka, Lolemba ampu ipite kwa Chester, ndipo nyumba ifoleredwe yonse. Ankazinena monyadira, koma ndinaona kuti masiku amenewo ankaipukuta kawiri patsiku.

Lachisanu masana tinasonkhana amayi kumudzi kukonzekera. Kwathu kuno ziwiya zikamapita paukwati kapena pamaliro, mayi aliyense amaika chizindikiro pa zake, apo ayi ndowa yako ukaipeza kwa eni ake ikutungira madzi. Ena amapaka kyuteksi pamasupuni, ena amamanga kansalu. Achemwali anga chizindikiro chawo ndi kadontho ka penti wofiira, ndipo tsikulo anadontheza pa mapoto, mabeseni, ndowa, mpaka mipando. Alamu anali atapita kukatenga Chester pa siteji, chifukwa ankafuna kuti aione komaliza ndipo agwirizane mtengo.

Atafika analowa m'chipinda chofolera chija, ine ndikuwatsatira ndi madzi akumwa. Alamu anachotsa bulangete mwaulemu ngati akuvundukula mkwatibwi. M'mbali mwa ampu, kuchokera pamwamba mpaka pansi, munali zilembo zofiira zazikulu ngati za pagolosale: H. MUKHUNA. Penti anali asanaume. Chilembo chomaliza chinali chitachucha.

Sindinaonepo munthu akukhala pansi mwa mtundu umenewo.

"Mayi a Sharon!"

Achemwali anabwera akupukuta manja pachitenje. "Mwandiitana, bambo a Sharon?"

"Ichi n'chiyani?"

"Dzina lanu. Mawa kubwera anthu ambiri, zinthu zimasokonekera."

Alamu anathamangira palafini. Anapukuta, koma nsalu ija inali itamwa kale penti, ndipo kufiirako kunangofalikira. Chester anaima manja ali m'thumba, akugwedeza mutu.

"Madala, munandiphunzitsa nokha. Chinthu cholembedwa dzina la munthu wina, aliyense aziti ndinaba kapena ndinalanda pangongole. Ndikati ndisinthe nsaluyi, ndiye kuti yatsegulidwa. Ndingakupatseni theka, mwaulemu wanu."

Alamu anangopitiriza kupukuta penti uja. Chester anamwa madzi ake, anatsanzika, ndipo panalibe womuperekeza.

Ine ndinawapeza achemwali kuseri akusenda anyezi. Ndinali nditakwiya, chifukwa malata ndi malata, mvula ya kuno sichita nthabwala.

"Achemwali, musandipusitse ine. Pandowa mwaika kadontho, pa ampu mwalemba dzina lonse. Ilipo ampu ina m'mudzi muno yoti ingasokonekere nayo?"

Anapitiriza kusenda. "Rosie, zaka khumi ndi chimodzi munthu akusungira Chester katundu. Pilo wanga anaphwatalala chifukwa cha Chester. Malata tidzagula, ngakhale limodzilimodzi. Koma bambo amene uja ntchito yatha, mudzi si wawo, ndiye gitala ikhalenso chete? Andifera pakhonde ine ndikuona."

"Bwanji osangowauza?"

"Ukuwadziwa alamu ako. Akanatembenuzira khutu lakumanzere."

Tsiku lonselo alamu sanalankhule ndi munthu. Loweruka m'mawa ananyamula ampu yawo kupita kutchalitchi, koma pilo anamusiya. Mwambo wa m'tchalitchi anaimba monga mwa masiku onse, pa fili, nkhope ili gwa. Masana madyerero anali pabwalo la sukulu. Ine ndinali pafupi ndi oimba, ndikuyang'anira beseni loponyamo ndalama za perekaniperekani.

Itafika nthawi yoti akwati alowe, woimba ng'oma anawerama n'kukuwira kukhutu lakumanja lija. "Madala, pano ndi panja, kwezaniko! Mukusungiranso ndani?"

Alamu anayang'ana zilembo zofiira zija kanthawi. Kenako anatambasula dzanja. Ndinaona ndi maso angawa batani likudutsa pa folo, pa faifi, mpaka kukaima pa seveni.

Atakhudza nsambo, ndinaimva m'mimba. Beseni limene ndinagwira linanjenjemera. Amayi amene anali kumapoto anasiya zipande n'kubwera akuthamanga, nthungululu zili pakamwa. Mawu a besiyo anali okhuthala, oyera, opanda kunjenjemera kwachabe ngakhale pang'ono. Sharon anali akulowa pang'onopang'ono ndi mwamuna wake, koma atamva anatembenuka, chophimba kumaso chili pomwepo, kufuna kuona ngati analidi bambo ake.

Pakati pa nyimbo besi inasiya. Ndinaganiza kuti sipika yaphulika. Koma ayi, alamu anali atangoima, zala zili m'malere, maso ali ndi misozi.

"Mlamu," anandifunsa mokweza, monga amachitira anthu osamva, "kodi imalira chonchi nthawi yonseyi?"

"Imbani alamu, mwana akudikira!"

Anaimba. Anaimba mpaka dzuwa kupendeka, akugwedeza mapewa, munthu amene sindinamuonepo akuvina chikwatirire achemwali anga. Ine ndinalira osabisa, ndipo ndalama zina zinagwera pansi chifukwa sindinkaona bwino. Achemwali anavina kudutsa kutsogolo kwa oimba katatu konse. Kachitatuko alamu anawaweramira pang'ono, gitala ili pamimba, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Sindinama kuti zonse zinayenda bwino. Mvula yoyamba inawapeza mbali ina ya nyumba ili ndi pulasitiki ndi udzu, ndipo tinathandizana kukokera katundu m'chipinda chimodzi. Malata akubwera anayianayi, chifukwa amene anali paukwati uja anawerenga dzina, ndipo tsopano makwaya ndi a maukwati amafika kudzawatenga a Mukhuna pamodzi ndi ampu yawo. Pabalaza pakudonthabe. Achemwali amatchera ndowa ya kadontho kofiira, alamu n'kumawaseka kuti limenelo ndi denga limene anasankha okha.

Mwezi wathawu ndinali kwawo pamene kunafika bambo wina wochokera ku Luchenza. Anapeza alamu pakhonde akuimba, mawindo akunjenjemera. Anaizungulira ampu ija, anayang'ana masikuluwu, anainunkhiza ndi kuinunkhiza komwe, ndipo ndinadziwa kuti ameneyu ndi wodziwa. Anati penti alibe naye ntchito, angotchula mtengo.

Ine ndinayang'ana achemwali, achemwali anayang'ana pansi. Alamu anatsitsa voliyumu, anatembenuzira mlendoyo khutu lakumanja kuti abwereze, ndipo anamva bwinobwino. Kenako analoza zilembo zija ndi chala.

"Achimwene, sukulu munapitako? Tawerengani apa. Ili ndi mwini wake imeneyi, ndipo amakhala pompano."